Anagawana Matenda a Mayi Awo

"Ndikufunsani komaliza, alamu. Amayi munawamwetsa mapiritsi angati m'mawa uja?"

Chitsiriza anafunsa ataima pakhomo, manja m'chiuno, chikwama chomwe anapita nacho kuchipatala chikadali paphewa. Telala, mlamu wake wosoka zovala, anali atagwada pakhonde, akuchapa nsalu zomwe apongozi ake anadetsa masiku atatu omwe anagonekedwa. Sanadzutse mutu.

"Asanu ndi awiri, monga masiku onse. Awiri a m'jumbo yanu, atatu a m'jumbo ya aHedi, awiri a mawondo."

"Bodza limenelo. Adokotala anena tonse tikumva kuti BP inatsikiratu chifukwa mankhwala anachuluka m'thupi. Anachuluka okha? Ali ndi miyendo mapiritsiwo?"

AHedi, mwana woyamba m'banjamo, mphunzitsi wamkulu wa sukulu, anali atakhala pampando pansi pa mtengo, mwendo wina pamwamba pa unzake. Anatsokomola monga amachitira akafuna kuti ana asukulu akhale chete.

"Tisasokose ngati tili pamsika," anatero. "Ine buku langa ndinawaonetsa adokotala, ndipo anena kuti zonse zinalembedwa bwino. Ndiye kuti vuto si buku ayi. Vuto ndi dzanja lomwe limapereka."

Nkhani ya mabukuyi njoseketsa ukaimva koyamba, koma ine sindiseka nayo. Mayi awo atakalamba anagwidwa ndi matenda atatu, ndipo ana awo atatu anagawana matendawo ngati akugawana munda. AHedi anatenga BP, n'kumapita nawo kuchipatala cholipira cha m'tauni Loweruka loyamba la mwezi. Chitsiriza, mwana womaliza, anatenga shuga, yemwe tsiku lake linali Lachiwiri pachipatala chaching'ono chapafupi. Wapakati, mwamuna wa Telala, anatenga nyamakazi ya m'mawondo, kenako anakwera thiraki yomwe amayendetsa n'kusiyira mkazi wake mawondowo, pamodzi ndi kusambitsa, kuchapa ndi kumwetsa. Aliyense anali ndi kabuku kakekake ka kuchipatala, ndipo ankakasunga kunyumba kwake. Poti aHedi ndi Chitsiriza ankapikisana kuti wokonda amayi kwambiri ndani, timabukuto sitinakumanepo. Aliyense ankangobwera ndi jumbo yake ya mankhwala, n'kumuuza Telala kuti, "Awa m'mawa, awa madzulo," basi wapita.

"Ine ndimapereka zomwe mwandiuza," Telala anatero, akufinya nsalu mwamphamvu. "Zaka ziwiri ndakhala ndikupereka. Lero ndiye ndaiwala kuwerenga?"

"Mwina simunaiwale," Chitsiriza anayankha. "Mwina mwangotopa nawo. Pajatu si mayi anu okuberekani."

Telala anaika nsalu ija m'beseni pang'onopang'ono. Anaimirira, n'kupita pawindo la chipinda chomwe apongozi ake anagona. Nkhalambayo inali maso, bandeji ili pachipumi pomwe inamenyetsa itakomoka m'bafa.

"Amayi, nenani inuyo. M'mawa uja ndinakumwetsani angati?"

Apongozi aja anamuyang'ana, kenako anayang'ana chakukhomo komwe kunali mawu a ana awo. Anatembenuka movutikira, nkhope n'kulozetsa kukhoma.

"Mwaona?" anatero aHedi. "Ndiye mumve bwino, alamu. Kuyambira lero mankhwala a amayi musawakhudzenso, ndipo m'chipinda mwawo musalowemo. Chitsiriza akhala pano. Mng'ono wanga akabwera kumapeto kwa mwezi, mudzalongedza zanu mubwerere kwanu. Za ana tidzakambirana ife."

Madzulo ake Telala anaimbira foni mwamuna wake. Injini inkamveka kulira chapatali.

"Ukuwadziwa achimwene, satsutsika," anatero mwamunayo. "Ungopepesa basi, mwina mitima yawo igwa."

"Ndipepese kuti ndinafuna kupha mayi anu?"

"Ndili pamsewu, tidzakamba ndikabwera."

Sabata isanathe nkhani inali m'kamwam'kamwa. Pamjigo amayi ankati akamuona amasiya kucheza, n'kumangopukusa chitsulo mwakachetechete. Mayi wina yemwe anasiya nsalu za madiresi atatu a mwana wake anabwera kudzazitenga zisanadulidwe, ati mwanayo wasintha maganizo. Wina anatenga siketi yosoka theka, ulusi ukulendewera. Makina osokera anangokhala duu pakhonde. Telala sanalire ngakhale tsiku limodzi, koma mumtima mwake munadzaza chidani chomwe iye mwini sankadziwa kuti angakhale nacho. Ankafuna kuti Chitsiriza adzalawe manyazi omwewo, pagulu, anthu akumva. Ankafuna kudzaona mwendo wa aHedi utatsika pamwamba pa unzake uja.

Lachisanu kunabwera namwino woyendera odwala m'makomo, akukankha njinga. Anapeza Chitsiriza akutsuka mbale, ndipo Telala ankamva zonse ali pamakina ake.

"Kuchipatala tasintha kachitidwe," anatero namwinoyo. "Anthu ngati agogowa, a matenda angapo, sitikufunanso kuti aziyenda lero uku mawa uko. Tizikhala tonse m'chipinda chimodzi: adokotala, ine, wopereka mankhwala, ndi wa mafizo, wothandiza odwala kuwongola ziwalo. Lachinayi likubwerali mubwere nawo. Mutenge mabuku onse, mankhwala onse a m'nyumba muno, ndiponso munthu amene amawamwetsa."

"Amene amawamwetsa ndine."

"Mwayamba liti?"

"Sabata yatha."

"Ndiye abwerenso amene ankawamwetsa kale."

Chitsiriza anaseka chammphuno. "Ameneyo mukamufunse yekha ngati ali ndi nkhope yobwerera kumeneko."

Lolemba m'mawa Telala ankafuna mabatani a malaya a mwana wake wamkulu. Mabatani, masingano ndi mapini ankazisunga m'timabotolo ndi timakatoni totha mankhwala a apongozi ake, poti telala sataya chinthu chokhala ndi chivindikiro. Anagwira kabotolo koyera ka kuchipatala chaching'ono ndi kakatoni kobiriwira ka kutauni, n'kutiyang'anitsitsa nthawi yaitali. Mawu a adokotala aja, oti mankhwala anachuluka m'thupi, anamubwerera m'mutu. Zilembo zake ankatha kuziwerenga, koma sizinkamuuza kanthu. Anakhuthula mabatani aja patebulo, n'kutolera timabotolo tonse m'chikwama. Anati akafunse munthu wozidziwa.

Wogulitsa mankhwala kumsika anali bambo wa imvi, wa magalasi okhala kunsonga ya mphuno. Anayala zonse pakauntala, n'kupatula tiwiri tija.

"Awa akumwa anthu awiri?"

"Mmodzi."

"Onse awiri, tsiku limodzi?"

"M'mawa uliwonse. Obiriwirawo ndi a BP. Oyerawo anawapatsa ku shuga miyezi iwiri yapitayo, ati oteteza impso."

Bamboyo anavula magalasi. "Amayi, musayang'ane dzina lalikululi, limeneli ndi la kampani. Onani kadzina kakang'ono apa, ndi apanso. Ndi mankhwala amodzi awa. Amateteza impso, inde, koma amatsitsanso BP. Munthu wanuyo akumwa kawiri chinthu chimodzi. Sakumva chizungulire?"

"Anakomoka kale."

"Ndiye thamangani. Mawa asamwe onse awiri. Asiye amodzi mpaka adokotala awaone."

Telala anathamangadi, tisamunamizire. Anafika pakhomo thukuta lili kamukamu, timabotolo tiwiri tija tili m'manja. M'chipinda cha apongozi munali amayi anayi a kutchalitchi omwe anabwera kudzazonda wodwala. Anali atangomaliza kuimba, ndipo Chitsiriza ankawathirira tiyi. Telala anaima pakhomo la chipindacho, osaponda mkati.

"Alamu, ndabwera kudzanena za mapiritsi a amayi."

Chitsiriza anaika ketulo pansi. Anatenga sosala n'kuvindikira kapu ya mayi ake, pang'onopang'ono, kuti aliyense aone.

"Amayi inu, vindikirani makapu anu," anatero. "Abwera adokotala athu."

Mmodzi mwa amayi aja anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Wina anakokera kapu yake pafupi, mwina mosadziwa. Anali yemwe uja anadzatenga nsalu za madiresi atatu.

"Ndikunena zoona, alamu. Tamverani kaye."

"Pakamwa panu pasatulukenso mawu akuti piritsi m'nyumba muno. Munalephera ulendo woyamba, ndiye mukufuna mudzamalizitse?"

Telala anayang'ana apongozi ake. Anali atatsamira pilo, maso awo ali pa timabotolo tiwiri tija. Kenako anakweza maso n'kumuyang'ana iye. Milomo yawo inagwedezeka pang'ono, koma monga tsiku lija, sipanatuluke kanthu.

Mawu anali atafika kale pakhosi: ndi amodzi, asiye amodzi. Akanatha kuwakuwa ali pakhomo pomwepo, kapena kukauza namwino tsiku lomwelo. Koma Telala anawameza. Anafumbata timabotolo tija, n'kutilowetsa m'thumba la diresi.

"Chabwino," anatero. "Mwetsani inuyo."

Atakhala pamakina ake anadziuza kuti Lachinayi si kutali. Masiku atatu okha. Akanena lero, Chitsiriza angosiya mwakachetechete piritsi limodzi, amayi n'kupeza bwino, ndipo mudzi wonse udzati, onani, atangochotsa dzanja la mpongozi uja nkhalamba yachira. Ayi. Zimenezi zikatulukire pamaso pa adokotala, mapiritsi akuchokera m'dzanja la mwana wawo wobereka. Ndipo pansi penipeni pa mtima panali ganizo lina lomwe sankafuna kuliyang'ana: apongozi atati achitenso chizungulire ali m'manja mwa Chitsiriza, pang'ono pokha, ndiye kuti mlandu watha wokha.

Lachiwiri m'mawa anaona Chitsiriza atatulutsa mayi ake pakhonde kuti aothere dzuwa. Anamuona akuwerengera m'chikhatho, loyera ndi lobiriwira pakati pa enawo. Nkhalamba inameza, n'kumwera madzi, maso ili nawo pa Telala. Iye anaweramira pamakina n'kupalasa, ngakhale kuti pansi pa singano panalibe nsalu yoti n'kusoka.

Lachitatu, dzuwa litakwera pang'ono, apongozi aja anadzuka pampando kuti apite kuchimbudzi. Chitsiriza anali kuseri akuyanika zovala. Telala anawaona akuima, anawaona akupapasa mpweya kufuna khoma, ndipo anadumpha pamakina. Anachedwa. Nkhalamba inagwa chammbali pa sitepe ya simenti, ndipo kulira komwe inalira sikunali kwa munthu wongodzipweteka.

Fupa la m'chiuno linathyoka. Anakhala kuchipatala chachikulu sabata ziwiri, ndipo kumeneko anati pa msinkhu wawo, ndi shuga ameneyo, opaleshoni singatheke. Anabwera kunyumba atanyamulidwa pamatiresi.

Mukuganiza kuti Chitsiriza anagwa mphwayi? Anangoti mankhwala a alamu ake aja anali asanathe m'thupi. AHedi nawo anavomereza ndi mutu. Mwamuna wa Telala anafika mwezi ukutha, ndipo anapeza masutikesi awiri ali kale pakona, mkazi wake atalongedza yekha.

"Sindichoka ndisanapite kuchipatala Lachinayi," Telala anamuuza. "Namwino wabweranso, wati tonse. Ndikachoka kumeneko, mudzandiperekeze kokwerera basi ngati mukufuna."

Chipinda chomwe anawalowetsa chinali chaching'ono, cha tebulo limodzi lalitali ndi sikelo pakona. Apongozi anawakhazika panjinga ya odwala. Mbali ina kunakhala adokotala, namwino uja, mtsikana wopereka mankhwala, ndi bambo wa mafizo. AHedi anapeza mpando wabwino, mwendo n'kuukweza pamwamba pa unzake.

"Mabuku onse apa," anatero namwino.

Anatuluka atatu, lililonse m'chikwama chake. Adokotala anawayala moyandikana, n'kumatsegula masamba ndi manja onse awiri. Wopereka mankhwala anakhuthula majumbo atatu aja n'kuyamba kundandalika. Sipanathe mphindi zisanu. Anatenga kabotolo koyera ndi kakatoni kobiriwira, n'kuzikankhira kwa adokotala. Adokotala anawerenga, anayang'ana buku loyamba, kenako lachiwiri, n'kupumira m'mwamba.

"Awa ndinalemba ndine," anatero, chala chili pa buku la shuga. "Ndinafunsa ngati agogo akumwa mankhwala ena, ndipo munati chiyani, achemwali?"

"Ndinati a shuga okha," Chitsiriza anayankha motsitsa. "Nanga si ine ndimaona za shuga?"

"Nanenso ndinalakwa, sindinaumirire kuona mabuku enawa. Ndipo inu abambo, kutauni kuja anadziwa kuti mayi anu tawawonjezera mankhwala kuno?"

"Limenelo silinali gawo langa," anatero aHedi.

"Mayi anuwa si minda itatu, ndi munthu mmodzi. Kwa miyezi iwiri akhala akumwa mankhwala amodzi kawiri, ena ochokera kwa inu, ena kwa mlongo wanu. N'chifukwa chake anakomoka, n'chifukwa chake anagwa."

Mwendo wa aHedi unatsika.

Telala anali atadikira nthawi imeneyi masabata anayi, ndipo sanafune kuti idutse mofulumira. Anaimirira.

"Adokotala, pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali ngati aHedi. Mundiuze bwinobwino. Munthu womwetsa uja, amene ankapereka zomwe wauzidwa, analakwa chiyani?"

"Palibe chomwe analakwa."

"Sanawonjezere?"

"Panalibe chifukwa chowonjezera. Zinali zowonjezereka kale."

"Alamu, mwamva? Kapena abwereze, mwina munali mutavindikira makutu pamodzi ndi kapu ija?"

Chitsiriza anazyolika, misozi ikudontha pachikwama.

"Misozi isungeni, mudzaifuna Lamulungu," Telala anapitiriza, mawu ake osakwera n'komwe. "Mudzaima pamaso pa amayi anayi aja, ndi ena onse, munene kuti piritsi lomwe linathyola mayi anu linachokera m'jumbo yanu ndipo munawamwetsa ndi dzanja lanu. Inu aHedi, masutikesi anga ali pakona. Munalamula ndinu kuti alongedzedwe, mukamasule ndinu, chovala chimodzichimodzi. Za ana anga musadzazitchulenso. Ndipo inu," anatembenukira kwa mwamuna wake, "munati ndipepese. Ndikudikira ndione mmene kupepesako kumachitikira."

Mwamunayo ankapotokola chipewa m'manja. Kunena zoona, Telala anamva kukoma, kukoma kwenikweni, kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

Namwino ndiye anabwezera onse ku nkhani ya mankhwala. Anatenga buku latsopano, n'kukopera m'menemo mankhwala anayi okha omwe onse anagwirizana, adokotala akutchula, wopereka mankhwala akuvomereza.

"Kuyambira lero buku ndi limodzi, jumbo imodzi, tsiku limodzi pamwezi, m'chipinda muno. Ndipo tikufuna munthu mmodzi woti tizilankhula naye. Agogo, mukufuna akhale ndani?"

Nkhalamba sinayang'ane mwana wake aliyense. Inatukula chala n'kuloza Telala.

Wa mafizo anamuitanira pafupi n'kumuonetsa kanyamulidwe kake: mkono umodzi kukhosi, wina pansi pa mawondo, msana wowongoka. Anamuuza kuti aziwatembenuza pakapita maola awiri alionse kuti asatuluke zilonda. Telala anafunsa kuti adzayamba liti kuyenda. Bamboyo anayang'ana adokotala, kenako anati, "Tiyeni tiyambe ndi kukhala tsonga."

Zonse zinachitika monga ananenera. Chitsiriza anaima pamaso pa amayi a kutchalitchi n'kunena zonse. AHedi anamasula masutikesi, atagwada pasimenti ndi thalauza lawo losita. Nsalu za madiresi atatu zinabwerera, mwini wake akuti mwana uja wasinthanso maganizo. Pamjigo anayamba kumupatsa malo kuti atunge msanga.

Patatha sabata, m'mawa wina, Telala analowa m'chipinda cha apongozi ake ndi beseni la madzi ofunda. Mwamuna wake anali atabwerera pamsewu, Chitsiriza kwake, aHedi kusukulu. Anatsegula windo kuti fungo lituluke, n'kuyamba kuwapukuta kumsana. Thupi lawo linali litapepuka, mwendo wakumanzere utapindikira kunja.

"Iwe," anatero apongozi aja. Chikwatiwire pakhomopo anali asanamutchulepo choncho.

"Amayi."

"Tsiku lija unabwera ndi timabotolo tiwiri m'manja. Koyera ndi kobiriwira."

Dzanja la Telala linaima.

"Tomwe tija anatikankhira kwa adokotala. Ndinationa ine, maso anga sanafe." Anapuma kaye. "Unkadziwa."

Telala anafuna kunena kuti anamuletsa kulankhula, kuti anamuchititsa manyazi pamaso pa anthu, kuti anathamanga kuchokera kumsika. Zonsezo zinali zoona. Koma analinso pakhonde Lachiwiri lija, ndi Lachitatu lomwe.

"Ndinkadziwa," anatero.

"Masiku angati?"

"Awiri."

Nkhalamba inagwedeza mutu pang'onopang'ono, ikuyang'ana kudenga.

"Nanenso ndinkadziwa kuti unandimwetsa asanu ndi awiri. Ndinkawerenga m'mawa uliwonse. Koma ndikanati si iwe, akanayamba kulozana okhaokha ana anga, ndiye ndinati bola iwe, wobwera." Anatembenuza mutu n'kumuyang'ana m'maso. "Sindiuza munthu. Ndikawauza akuchotsa, ndipo palibe wina angandisambitse."

Telala anafinya kansalu kaja m'beseni, madzi akuchucha m'zala zake. Panja mwana wa munthu wina ankaitana, kufunsa ngati yunifolomu yake yatha.

"Ndinyamule," anatero apongozi ake. "Ndikufuna kuchimbudzi."

Telala anawerama, mkono umodzi kukhosi, wina pansi pa mawondo, n'kuwanyamula.